Khoma la mizati ya konkire yolumana m'chigwa cha Shire: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa makontrakitala, akapitawo, ophunzira za uinjiniya komanso eni ntchito ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Manambala ali munowa ndi okuthandizani kumvetsa ntchito ndi kuiyang'anira bwino. Miyeso yeniyeni ya khoma lanu ichokere kwa injiniya wovomerezeka amene wayeza nthaka ya pamalopo.

Kodi khoma la mizati yolumana n'chiyani?

Ndi khoma lomwe limamangidwa m'nthaka musanayambe n'komwe kukumba. Makina amabowola maenje ozungulira motsata mzere, maenjewo n'kudzazidwa konkire. Mzati uliwonse umalowerera pang'ono mwa unzake, kotero yonse pamodzi imakhala khoma limodzi lopanda mpata. Pa mapulani mudzaliona litalembedwa kuti secant pile wall.

Mizati yake ndi ya mitundu iwiri. Yoyamba imathiridwa konkire wosalimba kwambiri ndipo nthawi zambiri siikidwa zitsulo. Ntchito yake ndi kutseka madzi. Yachiwiri imabowoledwa pakati pa iwiri yoyamba, makina n'kusema mbali ya uku ndi ya uko, kenako imalandira zitsulo ndi konkire wolimba. Imeneyi ndiyo imalimbana ndi kukankha kwa dothi. Khoma likakhwima mumakumba dothi la mkati, la kunja n'kutsala chiimire.

Lingafunike pa ntchito yanji kuno?

Paliponse pamene mukufuna kukumba mwakuya, madzi a pansi ali pafupi, ndipo malo ndi opanikizika. Kuno zoterezi si zachilendo: nyumba za mapampu okoka madzi mu Shire, polowera madzi a ngalande za mthirira, maziko a milatho pa mitsinje ya mchenga monga Mwanza ndi Thangadzi, mathanki a pansi, ndi pomwe ngalande ikudutsa kunsi kwa msewu kapena kwa mtsinje. Ntchito za mthirira zikamakula, monga ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, kukumba kotere kumachulukanso.

Chigwachi ndi malo otsikitsitsa m'dziko muno. Pomwe Shire akutulukira kulowa Mozambique ndi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Nthaka yake yambiri inachita kubwera ndi madzi: mchenga, matope ndi dongo zosanjikizana mosatsata dongosolo. Kufupi ndi madambo, monga ku Chiromo ndi Makhanga, madzi mumawapeza musanakumbe patali.

Bwanji osangokumba motsetsereka n'kumapopa madzi?

Ngati malo alipo ndipo dzenje ndi la mamita awiri kapena atatu poyera, chitani zomwezo. N'zotsika mtengo, ndipo si nzeru kubweretsa makina aakulu pa ntchito yoti ekisikaveta ndi pampu zikadaithetsa.

Mavuto amayamba dzenje likazama. Dzenje la mamita 6 mu mchenga wonyowa, mukapendeketsa m'mbali mwake mamita awiri pa mita iliyonse yotsika, likudyerani mamita 12 mbali iliyonse. Kupopa kosalekeza nakonso kumakoka mchenga wosalala pamodzi ndi madzi, kumaumitsa zitsime za anthu oyandikana nanu, ndipo nyumba zawo zimatha kutitimira n'kuchita ming'alu.

Njira zina zilipo. Zitsulo zokhoma pansi, ma sheet pile, zimachita bwino m'matope ndi mu mchenga ndipo mutha kuzizula n'kukagwiritsanso ntchito kwina, koma kukhoma kwake kumagwedeza nthaka, ndipo zimakanika pomwe pali miyala yokokoloka kumapiri, monga m'munsi mwa Thabwa. Mizati yongoyandikana, yosiya mpata wa mamilimita 50 mpaka 150, imagwira dothi koma siitseka madzi. Mu mchenga wodzaza madzi, mpata umenewo ndi khomo.

Tisanayambe, tiyeze chiyani?

Apa ndi pomwe eni ntchito ambiri amafuna kupulumutsa ndalama, ndipo ndi pomwe amadzaluzira zambiri. Pafunika maenje oyezera nthaka, ozama kawiri kapena katatu kuposa dzenje lomwe mudzakumbe, ndipo apitirire pomwe mizati idzathere. Pa mita ndi theka iliyonse ayeze kulimba kwa nthaka ndi njira ya SPT (kukhoma kachitsulo m'nthaka n'kuwerenga kuti kamenyedwa kangati kuti kalowe), atengenso dothi lokayeza ku labotale. Dzenje limodzi silokwanira. Mitsinje ya kuno yakhala ikusintha njira kwa zaka zambirimbiri, choncho pakona imodzi ya malo anu mutha kupeza dongo, pakona ina n'kupeza mchenga wa khwawa lakale lokwiririka.

Chofunika kwambiri kuchidziwa ndi ichi: kodi pansipo pali dongo lochindikala lomwe mizati ingakaimemo? Chifukwa chake chili pa funso la kutalika kwa mizati.

M'maenje ena musiye mapaipi oyezera madzi, muziwerenga m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Madziwo akayezedwenso mchere wa sulphate ndi chloride. Lipoti la anthu amene anakumba mjigo wa pafupi lingakuthandizeni kuganiza, koma silinena za kulimba kwa dothi, choncho musalidalire pokonza khoma. Ngati pamwamba pali makande, monga ambiri a ku Ngabu, injiniya adziwe msanga: dothi limeneli limatupa likanyowa n'kukankha khoma, likauma limang'ambika mpaka madzi a mvula n'kumalowa kuseri kwa khomalo.

Mizati ikhale yaikulu bwanji, ndipo ilumane mochuluka bwanji?

Yofala ndi ya mamilimita 600 mpaka 1,200 m'mimba mwake, ndipo imalumana mamilimita 100 mpaka 150. Titenge mizati ya mamilimita 900 yoikidwa motalikirana mamilimita 750 kuchokera pakati pa wina kufika pakati pa unzake. Kulumana kwake ndi mamilimita 150, ndipo polumanapo khoma ndi lochindikala pafupifupi mamilimita 500, osati 900.

Koma muyeso umenewo ndi wa pamwamba, pomwe maso akuona. Madzi amalowera pansi. Mzati ukapendekeka ndi sentimita imodzi pa mita iliyonse, pa mamita 10 wachoka pamzere ndi mamilimita 100. Unzake ukapendekekera mbali ina chimodzimodzi, atalikirana ndi mamilimita 200, pomwe kulumana kunali 150. Patseguka mpata wa mamilimita 50, pamalo pomwe madzi ali ndi mphamvu zedi. Kupendekeka kukakhala theka la sentimita pa mita, kulumana kwa mamilimita 50 kumatsalabe. Zili ngati malata a padenga: osapitirirana mokwanira, nyumba imadontha ngakhale lata lililonse lili lamphumphu.

N'chifukwa chake dzenje likamazama, kulumana kuyenera kukula kapena makina akhale obowola mowongoka kwambiri. Musalole kontrakitala kutalikiranitsa mizati kuti ichepe nambala popanda injiniya kuwerengeranso.

Kakhoma kolondolera n'kofunikadi, kapena tingakadumphe?

Musakadumphe. Aka ndi kakhoma ka konkire kozama theka la mita mpaka mita imodzi, komangidwa mbali zonse ziwiri za mzere, kokhala ndi mapindikidwe ofanana ndendende ndi mizati. Kamagwira chobowolera kuti chiyambe pamalo pake, makamaka pa mizati yachiwiri, pomwe mano a chitsulo akuluma konkire mbali ziwiri ndi dothi mbali zina ziwiri, ndipo amafuna kuthawira kofewa.

Pomwe makina adzaime pafunikanso kukonzedwa. Makina amenewa amalemera matani 60 kapena kuposa ndipo ndi aatali. Pa makande onyowa amatitimira mbali imodzi, mzati n'kupendekeka, mwinanso makinawo kugwa kumene. Yalani miyala yotsendereka bwino. Ganiziraninso za ulendo wake: kutsika nawo mapiri kuchokera ku Blantyre kumafuna lole yoyenera, ndipo timilatho ta m'misewu ya kumidzi tiyambe taonedwa ngati tingapirire.

Kubowola kumatsata ndondomeko yanji?

Mumayamba ndi mizati yoyamba, koma osati motsatizana. Bowolani modumphadumpha, kuti dzenje latsopano lisayandikane ndi mzati umene konkire wake sanathe tsiku; akamayandikana, konkire wamuwisi amatha kuboolera m'dzenje latsopanolo. Ambiri amasiya mpata wokwana mizati itatu.

Nthawi yobowola yachiwiri ndiyo imafuna maso. Mukafulumira, konkire wa mizati yoyamba amaphwanyika kapena kukokoloka. Mukachedwa, amalimba mpaka mano a makina amatha ndipo chobowolera chimapatuka. Kawirikawiri ndi pakati pa masiku 3 ndi 7, mphamvu ya konkire ili pakati pa 2 ndi 7 MPa (MPa ndi muyeso wa kulimba kwa konkire). Kuno kutentha kumakhwimitsa konkire msanga kuposa ku Blantyre kapena ku Thyolo, choncho musadalire masiku olembedwa m'buku. Umbani ma cube ambiri (timabuloko ta konkire toyezera mphamvu yake), muziwaphwanya patatha masiku 3, 7 ndi 28. Ndipo musathire mizati yoyamba yambiri kuposa yomwe mungaitsekere sabata yomweyo. Makina akawonongeka, kapena dizilo akasowa, yonseyo ilimba ikukudikirani.

Dzenje la mzati lisagumuke tichite chiyani?

Njira yodalirika mu mchenga wa kuno ndi casing, chipaipi chachitsulo chokhala ndi mano kunsi, chomwe chimazunguliridwa pansi chisanafike chobowolera. Casing izikhala patsogolo nthawi zonse. Mukafika pa madzi, thirani madzi m'kati mwake kuti akhale pamwamba kuposa a kunja. Mukapanda kutero mchenga umakwera m'kati, kunja n'kutsala mphako zomwe zidzameze konkire kapena kugwetsa nthaka.

Ena amagwiritsa ntchito madzi a bentonite (dongo lapadera losungunulidwa m'madzi kuti ligwire makoma a dzenje), omwe ayenera kukhala mita ndi theka kapena kuposa pamwamba pa madzi a pansi. Chenjezo ndi lakuti mchere umaundanitsa bentonite mpaka kusiya kugwira makoma a dzenje. Asakanizidwe ndi madzi abwino, ndipo aziyezedwa tsiku lililonse.

Njira ya CFA, yomwe chobowolera chopotana chimalowa ulendo umodzi konkire n'kumapopedwa pochizula, ndi yachangu koma siwongoka ngati ya casing. Mu mchenga wosatsendereka imathanso kukoka dothi lochuluka kuposa la dzenje lake. Imayenera makoma osazama kwambiri.

Konkire wake ndi wotani, ndipo amathiridwa bwanji m'madzi?

Wa mizati yachiwiri akhale wa 30 mpaka 40 MPa, simenti yokwana makilogalamu 380 mpaka 400 pa kyubiki mita, miyala yosaposa mamilimita 20, ndipo slump, muyeso wa kufewa kwa konkire, ikhale mamilimita 180 mpaka 220. Ayenera kuyenda yekha pakati pa zitsulo chifukwa vibrator, makina otsendera konkire, sagwira ntchito m'menemo. Kufewako kuchokere ku mankhwala ofewetsera konkire, osati ku ndowa ya madzi yowonjezera.

Amathiridwa ndi paipi ya tremie, ya mamilimita 200 mpaka 250, yofika pansi penipeni. Konkire amatulukira kunsi n'kumakankhira madzi ndi matope m'mwamba. Kamwa ya paipi izikhala yomira m'konkire mamita awiri kapena atatu nthawi zonse. Ikangotuluka kamodzi, madzi amalowa, mzati n'kukhala ndi mzere wa matope pakati pake. Kuthira kusadukize kufikira mzati utadzaza, ndipo mupitirize ndi theka la mita kapena mita imodzi, chifukwa konkire wa pamwamba ndi wosakanizika ndi litsiro ndipo adzaswedwa. Pozula casing muzisamala kuti konkire wa mkati asatsike kupyola kunsi kwake.

Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumapyola madigiri 40. Konkire wamuwisi asapyole madigiri 32: phimbani miyala ndi mchenga, thanki ya madzi ikhale pamthunzi, thirani usiku kapena m'mamawa, ndipo ikani mankhwala ochedwetsa kuuma. Konkire wochokera kutali amafika atayamba kale kugwira, choncho kusakaniza kuchitike pamalo pomwepo, pakhalenso mikisa ndi jenereta zapadera zodikirira. Mchenga wa mumtsinje uyezedwe matope ake usanalandiridwe.

Madzi a mchere amawononga khoma?

Inde. Mijigo yambiri m'chigwa muno imatulutsa madzi a mchere, ndipo mizati imakhala m'madzi omwewo moyo wake wonse. Sulphate amadya simenti, konkire n'kutupa ndi kufumbutuka. Chloride amalowa mpaka pa zitsulo n'kuzichititsa dzimbiri. Chitetezo chake ndi konkire wothithikana wa madzi ochepa, simenti yosakaniza ndi fly ash (phulusa la malasha) kapena slag (zotsalira posungunula chitsulo), ndi konkire wochindikala mamilimita 75 kunja kwa zitsulo. Mangani timawilo ta konkire kuzungulira zitsulozo kuti zisagunde dothi pozitsitsa. Madzi a mjigo wa mchere asalowe mu mikisa.

Mizati yoyamba, pokhala ya simenti yochepa, ndiyo imayamba kufooka. Ngati khoma ndi lokhalitsa, osati longothandiza pa nthawi yomanga, m'kati mwake mumangidwe khoma lina la konkire wa zitsulo lotseka madzi.

Mizati italike bwanji kupyola pansi pa dzenje?

Khoma likhoza kukhala lopanda mpata ndi umodzi womwe, madzi n'kukugonjetsanibe podutsa kunsi kwake. Mita iliyonse ya madzi imakankha ndi mphamvu ya tani imodzi pa sikweya mita. Mukapopa m'kati mpaka madzi atatsika mamita 5 kuyerekeza ndi a kunja, a kunjawo amatsika kuseri kwa khoma, kuzungulira kunsi kwa mizati, n'kudzatumphuka pansi pa dzenje lanu. Mu mchenga wosalala mumayamba kuona timakasupe tikuwira. Pamenepo mchenga wataya mphamvu, ndipo ndi mchenga womwewo umene ukugwira phazi la khoma.

Chabwino koposa ndi kuimika mizati mita imodzi kapena iwiri m'dongo lochindikala. Zikatero dzenje limakhala lotsekeka ndipo pampu yaing'ono imakwanira. Dongo likasowa, mizati italikitsidwe kuti njira ya madzi italike. Kawirikawiri gawo lotsala pansi pa dzenje limafanana kapena kuposa kusiyana kwa madzi a kunja ndi a mkati, koma izi ndi zowerengera injiniya. Njira zina ndi kukumba madzi ali momwemo n'kuthira konkire wochindikala pansi ndi tremie musanapope, kapena kukumba zitsime zopopera m'kati mwa khoma.

Pali ngozi ina yobisika. Dongo likakhala lopyapyala ndipo kunsi kwake kuli mchenga wa madzi opanikizika, mukamachotsa dothi la pamwamba dongolo limatha kutukuka n'kuphulika mwadzidzidzi. Mapaipi oyezera madzi ofika mu mchenga wa pansiwo ndi amene amakuchenjezani. Ndipo thanki kapena nyumba ya mapampu ikamangidwa, musazimitse mapampu isanalemere mokwanira. Chinthu chopanda kanthu m'kati madzi amachinyamula, ngakhale chili cha konkire.

Kukumba kumayenda bwanji khoma likatha?

Swani mitu ya mizati mpaka pa konkire wabwino, kenako mangani bimu ya konkire yolumikiza mitu yonse. Khoma loima lokha popanda chochirikiza limafika mamita 4 kapena 5, malinga ndi nthaka. Kupyola apo pafunika zitsulo zopingasa zochirikiza khoma ili ndi linzake, kapena ma anchor (zingwe zachitsulo zokoka khoma) olowa m'dothi la kuseri. Mu mchenga wodzaza madzi zitsulo zopingasa ndi zosavuta, chifukwa anchor aliyense amafuna kuboola khoma.

Kumbani m'magawo. Fikani theka la mita kapena mita imodzi kunsi kwa pomwe chochirikiza chidzakhale, chiikeni, kenako pitirirani. Woyendetsa ekisikaveta akakumba kupyola muyeso chifukwa dothi likufewa, khoma limasuntha, ndipo likasuntha silibwerera. Milu ya dothi, malole ndi matumba a simenti zikhale kutali ndi m'mphepete. Ikani zizindikiro pa bimu ndi pa nyumba zoyandikana, muziziyeza tsiku ndi tsiku. M'dzenje mukhale makwerero awiri, ndipo jenereta kapena pampu ya petulo isatsitsidwemo, utsi wake umapha.

Khoma likuchucha madzi. Tidere nkhawa?

Yang'anani mtundu wa madziwo. Chinyezi ndi timadontho pa malo olumana ndi zachizolowezi. Madzi oyera oyenda pang'ono, ikanipo kapaipi kuti atulukire pamodzi, matani mozungulira ndi simenti youma msanga, kenako tsekani kapaipiko kapena popereranimo grout, simenti yamadzimadzi.

Madzi obwera ndi mchenga ndi nkhani ina. Mchenga uliwonse wolowa m'dzenje wachoka kuseri kwa khoma, ndipo kumeneko kukukula mphako. Imitsani kukumba, tulutsani anthu, bwezerani dothi kapena matumba a mchenga pamalopo, itanani injiniya. Zikakula, zimitsani mapampu dzenje lidzaze madzi. Mphamvu za mbali ziwiri zikafanana mchenga umaleka kuyenda, ndipo grout atha kupoperedwa kuseri mwabata. Kuwonjezera mapampu pa nthawi yotere kumangofulumizitsa ngozi.

Nyengo yabwino yogwira ntchitoyi ndi iti?

Bowolani ndi kukumba pakati pa Meyi ndi Okutobala, ndipo konkire wa pansi pa dzenje akhale atathiridwa mvula isanayambe. Madzi osefukira a Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa kutalika komwe madzi amafika kuno. Mvula ikhoza kugwa ku Mulanje, kuno kuli ng'aa, Ruo n'kudzaza n'kutsekereza Shire pa Chiromo. M'chilimwe namo musaganize kuti Shire watsika: madzi ake amatsata nyanja ya Malawi ndi zitseko za ku Liwonde, ndipo madzi a pansi a m'mbali mwake amatsata mtsinjewo.

Ngati ntchito ilowa m'dzinja, injiniya awerengere khoma ndi madzi ofika pamwamba pa nthaka, ndipo pakhale dongosolo lolembedwa la nthawi yotulutsa makina ndi yodzaza dala dzenje ndi madzi.

Zipangizo zimalowa zochuluka bwanji, ndipo pafunika zilolezo zanji?

Mzati wa mamilimita 900 wotalika mamita 12 umadya makyubiki mita 7.6 a konkire. Wa mtundu wachiwiri, pa matumba 8 a makilogalamu 50 pa kyubiki mita, ndi matumba a simenti pafupifupi 60. Khoma la mamita 30, mizati ikatalikirana mamilimita 750, ndi mizati 40, konkire wopyola makyubiki mita 300. Mu mchenga wofewa onjezerani 10 mpaka 20 pa 100 aliwonse, chifukwa dzenje limakula kuposa chobowolera.

Kontrakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga. Za kupopa madzi a pansi ndi kuwataya funsani ku National Water Resources Authority, za chilengedwe ku Malawi Environment Protection Authority, ndipo khonsolo ya boma lanu ndi mafumu a deralo adziwe ntchito isanayambe. Madzi opopedwa ayambe adikha m'dziwe lokumba kuti matope atsale. A mchere, a bentonite ndi otsukira mikisa asapite m'madimba a anthu kapena mumtsinje.

Mwini ntchito angadziwe bwanji kuti mizati ili bwino, poti ili pansi?

Kudzera m'kaundula wa mzati uliwonse, wolembedwa nthawi yomweyo, osati madzulo muofesi. Alembemo nambala ya mzati, nthawi yoyamba ndi yomaliza kubowola, kuzama, dothi lomwe linatuluka pa mita iliyonse, kuwongoka kwa casing, slump, kutentha kwa konkire, ndi konkire amene analowa poyerekeza ndi wowerengeredwa. Akalowa wochepa, dzenje linapanikizika kapena munagwera dothi. Akalowa wochuluka zedi, pali mphako kapena waboolera mu mzati wina. Mizati yokayikitsa iyezedwe ndi makina omvera mkokomo wa m'konkire, kapena ibooledwe n'kutengamo kachidutswa, ndipo polumana pake papoperedwe grout kukumba kusanafike pamenepo.